Telala wa Timatumba ta Masamba

Apongozi anga anali telala wa pakhonde. Makina awo ankakhala kutsogolo kwa sitolo yogulitsa misomali ndi penti, pafupi ndi pamene mabasi amatembenukira, ndipo anakhalapo zaka zoposa makumi awiri osasuntha, moti miyendo ya tebulo inachita kukumba tizenje pasimenti. Anthu ankangowatchula kuti Amayi a Makina. Sanali munthu wolongolola. Nthawi zambiri pakamwa pawo pankakhala mapini atatu kapena anayi, ndiye ukawapatsa moni ankayankha ndi nsidze. Nditangokwatiwa ndi mwana wawo ndinkawaopa kwabasi, ndinkaona ngati sandifuna, mpaka mlamu wanga anandiuza kuti, "Musade nkhawa alamu, ngakhale ife obadwa m'mimba mwawo timalandira nsidze zomwezo."

Bambo a kunyumba kwathu ankayendetsa lole, ndipo akachoka ankatha milungu iwiri kapena itatu. Ndiye ine masana ndinkakhala pakhondepo, kusita zovala zosokedwa ndi kuika mabatani.

Tsiku lina panaima galimoto yamatope mpaka m'magalasi. Munatuluka mayi wamfupi wovala majombo, atapanira mpukutu wa neti yobiriwira m'khwapa. Anali dokotala, koma osati wa kuchipatala. Ankagwira ntchito ku ofesi yofufuza za nkhalango, imene inali m'tsinde mwa phiri lathu.

"Ndikufuna timatumba mazana atatu," anatero Adokotala, "kukula kwake ngati chikhatho changachi. Mbali zitatu musoke, imodzi musiye."

Apongozi analavulira mapini m'dzanja. "Muziikamo chiyani?"

"Masamba ouma."

"A tiyi?"

"Ayi, a mitengo. Tikawasiya pansi m'nkhalango kuti aole."

"Kuti aole," anabwereza apongozi. "Ndiye akaola?"

"Tiziwayeza pasikelo, tione kuti atsala ochuluka bwanji."

Galimoto itachoka apongozi anaiyang'ana mpaka inakhota, kenaka anati, "Sukulu nayo ikachuluka imavulaza." Koma ntchito anaigwira monga ankagwirira ntchito iliyonse. Anadula netiyo ndi muyeso, nasoka mizere iwiriiwiri ndi ulusi woyera wa kotoni umene ankasokera mayunifolomu. Pa masiku asanu ndi anayi timatumba tonse tinali titatha.

Patapita miyezi inayi Adokotala anabweranso ndi thumba lalikulu, nalikhuthula patebulo. Tinali timatumba tija, tamatopematope, tonse titayasama. Misoko inali itapita ngati wina anakhala pansi n'kuimasula dala. Masamba anali atatayika, ndipo ntchito ya nyengo yonse ya mvula inali itapita m'madzi.

"Sindinabwere kudzakudzudzulani, mayi," anatero Adokotala. "Cholakwa n'changa. Ndinayenera kukuuzani kuti ulusi ukhale wa nayiloni. Wa kotoni waola masamba asanaole."

Apongozi anatola kathumba kamodzi, nakatembenuza uku ndi uku. Nkhope yawo inali itagwa. "Ine msoko wanga sunamasukepo," anatero. "Pali anthu akuvala mathalauza amene ndinasoka mwana wanga woyamba akuyamwa. Miyezi inayi? Kumeneko kuli chiyani chodya ulusi miyezi inayi?"

"Ndingakufotokozereni."

"Ayi, musafotokoze. Mukandionetse."

Nthawi imeneyo anali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Phirilo ankaliona tsiku ndi tsiku ali pamakina, koma anali asanalipondepo. Loweruka lotsatira tinanyamuka m'mawa, ine nditasenza madzi ndi buledi, iwo atavala nsapato zakale za mwana wawo, bambo a kunyumba kwathu, kutsogolo atatsekamo zigamba kuti zisamavuke. Galimoto inatisiya pamene msewu unathera. Kuchokera pamenepo tinakwera ndi miyendo, ndipo apongozi anapuma kasanu, koma sanadandaule ngakhale kamodzi.

Titalowa m'nkhalango yeniyeni kunada ngati kukufuna kugwa mvula. Pansi panali pofewa, phazi linkamira pang'ono, ndipo panali kafungo kachinyontho kamene sindinakamvepo kwina. Adokotala anagwada nayamba kufukula ndi manja. Pamwamba panali masamba athunthu, ongogwa kumene. Pansi pake panali ena akuda, omatana, ena atatsala mitsempha yokha ngati kansalu ka katani. Pansi pa amenewo panalibenso tsamba loti n'kulizindikira, koma dothi lakuda lofumbutuka, lodutsamo timizere toyera ta chuku. Bongololo anadzipinda. Tizilombo tina tating'ono ngati nsabwe tinadumpha n'kubalalika.

"Onsewa akudya," anatero Adokotala, "ndipo pali enanso osaoneka ndi maso, ochuluka kuposa awa. Koma amasankha. Tsamba lofewa limakhala ndi nayitulojeni wambiri, chakudya chomwe chija chili mu feteleza, ndiye amalithamangira. Tsamba lolimba limakhala ndi chinthu chimene chimalimbitsa thabwa, chovuta kugaya, ndiye amalisiya kaye. Ulusi wanu uja ndi thonje, chomera, chofewa bwino. Kwa iwowa munawasokera chakudya."

Apongozi anagwada movutikira, natapa dothi lija, nalinunkhiza. "Ndiye kuti ulusi wanga sunamasuke. Unachita kudyedwa."

"Unadyedwa."

"Basi, zili bwino," anatero, akupukuta manja. "Ine ndimaona ngati dzanja langa layamba kunama."

Anasokanso timatumba tonse ndi ulusi wa nayiloni wosokera nsapato, umene unawathyolera singano zinayi. Anaonanso kuti manambala amene Adokotala ankalemba pa timapulasitiki anali atafufutika ndi mvula, ndiye anaganiza zawozawo. Pakona pa kathumba kalikonse anasokapo ulusi wamtundu: wofiira wa malo a m'munsi mwa phiri, wabuluu wa pakati, wachikasu wa pamwamba penipeni, ndi mfundo zowerengeka zosonyeza mtundu wa mtengo. Adokotala ataona zimenezi anangogwira pakamwa. Kuyambira pamenepo, tsiku lokatola timatumba likafika, galimoto yamatope ija inkaima pakhonde, apongozi n'kuvundikira makina, ine n'kunyamula madzi.

Timatumba tikatsika kuphiri tinkapita m'chipinda choyezera. Munali uvuni woumitsira masamba, matebulo oyala mapepala oyera, ndi sikelo yokhala m'kabokosi kagalasi. Sikeloyo inali yamanyazi, ukangopumira pafupi nambala inkasintha. Bambo amene ankaiyang'anira ankangokhalira kunena kuti, "Pumirani uko!" mpaka dzina lawo linasanduka lomwelo. Ntchito ya apongozi inali kutsegula kathumba, kuchotsa timizu ndi dothi ndi kaburashi, osathyola tsamba. Zala za telala zinkaitha ntchito imeneyi kuposa za wina aliyense, ndipo a Pumirani-uko, amene sankayamikira munthu, tsiku lina anawabweretsera mpando wokhala ndi khushoni.

Maina a mitengo amene Adokotala ankatchula anali aatali, othyola lilime. Apongozi anawasiya, naika awoawo a nsalu. Tsamba lochindikala lonyezimira ankati jinzi. Lokhakhala, louma gwa, ankati kaki. Lopyapyala lofewa ankati silika. Ankalipinda pakati pa zala, kulikoka pang'ono, n'kunena kuti, "Ili miyezi itatu latha," kapena, "Ili tidzalipeza chaka chamawa likutidikira." A Pumirani-uko ankalemba maulosi amenewa kuseri kwa kalendala kuti adzawagwire bodza, koma nthawi zambiri sikelo inkavomereza apongozi.

Kamodzi kokha anagwa nayo kwambiri. Panali tsamba lina lofewa, lopyapyala, la mtengo womera m'mbali mwa kamtsinje. Apongozi anati ndi silika weniweni, silifika Khirisimasi. Miyezi itatu inatha, lilipo. Isanu ndi umodzi, lilipo. Chaka chitatha linatuluka m'kathumba litangoda bii, koma lathunthu, pamene anzake ofewa anali atasanduka dothi kalekale. A Pumirani-uko anatsitsa kalendala ija pakhoma naiyika patsogolo pawo mwaulemu wonse.

"Amayi a Makina, kodi Khirisimasi yake munkanena iti?"

Apongozi sanaseke. Anatembenukira kwa Adokotala. "Ili landinamiza bwanji?"

Adokotala anatenga tsamba laliwisi la mtengo womwewo. "Tafunani."

Apongozi anatafuna, nkhope n'kukwinyika nthawi yomweyo. "Lamanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa!"

"Chimene chakumanganicho timachitcha tanini. N'chomwe chija amafufutira zikopa kuti zisaole. Mtengo umachiika m'masamba kuti mbozi zisaudye, ndiye tsamba likagwa chimakhalabe momwemo. Tizilombo ta pansi nato sitichikonda."

"Ndiye kuti zala zokha sizikwana," anatero apongozi. Kuyambira tsikulo ankayamba apinda tsamba, kenaka n'kuluma kansonga, n'kulavula. Adokotala anawachenjeza kuti masamba ena ndi poizoni, nawaonetsa oti asamawayandikize kukamwa. Anamvera, ngakhale monyinyirika.

Anaphunziranso zina. Tsamba lomwelo ukaliika pamwamba pa phiri, pozizira, linkachedwa kuola kusiyana ndi m'munsi. Koma apongozi ndi amene ankakonda kunena kuti kuzizira kumangochedwetsa, mwini nkhani ndi tsamba, chifukwa silika wa pamwamba ankathabe msanga kuposa kaki wa m'munsi. Ndipo m'timatumba tosakaniza, masamba ena olimba ankaola msangako akagona ndi ofewa, ngakhale si onse. Zonsezi zinkanenedwa ine ndili pomwepo. Koma kunena zoona, ine kuphiri ndinkapita ndi miyendo yokha. Maganizo anga ankakhala pa matuza a kuphazi ndi pa ana amene ndawasiya kwa aneba.

Chaka chachitatu lole ija inagulitsidwa, ndipo bambo a kunyumba anakhala pakhomo miyezi yambiri akufunafuna ntchito. Ndinaganiza zolima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba kuti ndizigulitsa. Dothi lake linali lofiira, louma ngati njerwa, ndipo manyowa ndinalibe. Ndinakumbukira dothi lakuda la m'nkhalango lija, ndinati, si masamba basi? Ndinasesa masamba a bulugamu ndi a paini kuseri kwa sukulu, matumba ndi matumba, ndinapemphanso utuchi kwa kalipentala, zonse n'kuzikwirira m'mabedi. Ndinawokera mbande zanga, ndinathirira m'mawa ndi madzulo. Patatha milungu itatu mbande zinali zachikasu, zopinimbira, zina zitagona. Ndinachita manyazi, moti ndinayanika zovala mbali imeneyo kuti odutsa asaone.

Lamulungu lina masana apongozi anabwera kudzaona adzukulu. Sanalowe m'nyumba. Anapita molunjika kuseri, nakankha bulangeti limene ndinayanika, naima. Anawerama, nafukula bedi limodzi, natulutsa masamba a bulugamu ali athunthu monga ndinawakwiririra.

"Amake mwana," anatero, "mwaika kaki yekhayekha."

"Ndimaona ngati aola, amayi."

"Aola, koma osati chaka chino. Ndipo tizilombo tikamalimbana ndi tsamba louma chonchi, chakudya chikachepa m'tsambamo timakatenga cha m'dothi, chomwe chija mbande zanu zimafuna. Mwaitana alendo anjala m'nyumba yopanda ufa, ndiye akudya cha ana."

Ndinayamba kulira, osati chifukwa cha mbande zokha. Miyezi imeneyo inali yolemera. Apongozi sanandigwire paphewa, si khalidwe lawo. Anangodikira mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Mawa mubwere pakhonde. Zimenezi mwana wanga asazimve, amuna akakhala pa ulova amakula pakamwa."

M'mawa mwake ndinapeza atasoka timatumba tisanu ndi kamodzi ndi zidutswa za neti zotsala. Anandituma kukatola masamba a bulugamu, a paini, a nyemba, a nthochi ndi udzu wauwisi. Kathumba kalikonse mtundu wake, kotsiriza tinasakaniza zonse. Tinatikwirira pang'ono pafupi ndi mpopi, pamene sipauma.

"Bwanji osangondiuza zoyenera kuika?" ndinafunsa.

"Ndikakuuzani muiwala, monga munaiwalira za kuphiri. Mufukule nokha pakatha milungu isanu ndi umodzi."

Ndinawerenga masiku ngati mayi woyembekezera. Nditafukula, m'kathumba ka nyemba munali timitsempha tokha ndi nyongolotsi ziwiri zonenepa. Udzu unali utatsala pang'ono. Nthochi inali itafewa, yoterera. Bulugamu anali atangosintha mtundu, ndipo paini anali ngati ndamuika dzulo. M'kosakaniza muja zonse zinali zitada, zikununkhira kafungo kaja ka m'nkhalango, ngakhale paini ankaonekabe. Ndinakhala pansi pampopipo nthawi yaitali, timatumba tili pamiyendo. Zimene Adokotala ananena zaka zitatu ine osamva zinandilowa tsiku limenelo.

Tinafukula mabedi onse n'kuchotsa utuchi. Apongozi anandionetsa kuunjika mulu pambali: masamba ouma pang'ono, aawisi ofewa ambiri, kadothi, madzi, kenaka kubwerezanso, ndi kuutembenuza ukatentha m'kati. Olimba kwambiri anati ndiziwayala pamwamba pa bedi kuti asunge chinyezi, osawakwirira. Nyengo yotsatira ndiwo zanga zinabiriwira mpaka aneba ankafunsa kuti feteleza wake ndikugula kuti. Kenaka ndinayamba kufesa mitengo m'machubu, Adokotala n'kumandipatsa njere. Nazale imene ndili nayo lero, imene yaphunzitsa ana anga atatu ndipo bambo awo anasiya kufuna ntchito n'kumagwira momwemo, inayambira pampopi paja. Ndipo mpaka lero bambowo sadziwa kuti mbande zoyamba zinafa ndi chiyani. Amati inali mbewu yoipa.

Kafukufuku wa Adokotala anatha chaka chachisanu ndi chimodzi. Tsiku lokatola timatumba totsiriza apongozi anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo maondo anali atayamba kuwavuta, moti pamakina ankapalasa ndi mwendo umodzi. Tonse tinawauza kuti atsale. Anayankha ndi nsidze, navala nsapato zija za mwana wawo, nakwera galimoto.

Pa malo a m'munsi anafika bwinobwino. Pokwera kupita pakati anayamba kutsalira, ndipo titafika pa mtengo wina waukulu wogwa anakhala pansi, natambasula mwendo.

"Pitani," anatero. "Ine ndafika."

"Ndikhala nanu, amayi."

"Mukhala nane kuti mundithandize kukhala? Pitani mukatole timatumba ta ulusi wachikasu. Pali khumi ndi tiwiri kuseri kwa mwala wosweka, tiwiri tili pansi pa muzu, a Pumirani-uko sationa timeneto."

Ndinapita. Aka kanali koyamba kufika pamwamba popanda iwo, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndikudziwa pamene pali kathumba kalikonse. Tiwiri ta pansi pa muzu tija a Pumirani-uko anatidutsadi. Nditatitulutsa, Adokotala anandiyang'ana nati, "Apongozi anu akuuzani eti?" Tinaseka tonse.

Pobwerera tinawapeza ali pomwe paja, atafukula kadzenje pambali pa mtengo wogwawo, akuyang'ana bongololo akuyenda pa dzanja lawo. Adokotala anakhala nawo pamtengopo. Anawauza kuti zimene tapeza zilembedwa, ndipo zithandiza posankha mitengo yobzala m'malo amene nkhalango inapsa, kuti asamangobzala mtundu umodzi wa masamba osaola, dothi n'kukhala ndi njala. Anatinso pa tsamba lothokoza padzakhala dzina lawo.

"Mulembenso la apongozi angawa," anatero apongozi, akundiloza ndi chibwano. "Madzi onse amene tamwa kuno zaka zisanu ndi chimodzi anakwera pamutu pawo."



Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera. Ena anatsogola ndi katundu, ife awiri tinatsalira. Apongozi anakoleka dzanja paphewa langa, ine ndinawagwira m'chiuno, tinkatsika phazi limodzi, kupuma, phazi lina. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Pena ankaima n'kuthyola tsamba, kulipinda, n'kundipatsa.

"Ili?"

"Jinzi. Chaka ndi theka."

"Mwafulumira. Lumani kaye."

Ndinaluma. Silinamange m'kamwa. "Chaka chimodzi."

"Ehe."

Tinamva hutala ya galimoto kumunsi, a Pumirani-uko atatopa kudikira. Apongozi sanafulumire. Anaponda mwala wotsatira mosamala, napuma, kenaka anati, "Mulu wanu wa kumpanda uja mwautembenuza liti?"

"Lachiwiri, amayi."

"Wauma m'mbali. Ndinauona dzulo. Tikafika muuthire madzi musanalowe m'nyumba."

"Ndithira."

"Ndipo nsapato izi mubwezere mwini wake. Mumuuze kuti zinali zothina."